Lipoti la ulendo wa ku Robinson Deep: zinyalala za m'nyumba ndi mafuta a ndege

Gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku Johannesburg, ena amisiri a makina, ena otola mabotolo ndi zitsulo, linakayendera mtaya wa Robinson Deep, kufupi ndi Turffontein, umene umayendetsedwa ndi Pikitup, kampani ya mzindawu yotola zinyalala. Tinkafuna tione ndi maso athu ngati zimene malole amakhuthula kumeneko zingapange mafuta a ndege. Pamtayapo anakwirira mapaipi okoka mpweya wa methane wochokera m'zowola kuti uziyendetsa injini za magetsi. Koma za mafuta a ndege njira yake ndi ina, ndipo m'fakitale imayenda motere.

Poyamba zinyalala zimasankhidwa. Maginito amakoka zitsulo, masefa amagwetsa dothi ndi magalasi, ndipo zotsala, monga mapepala, nsanza, matabwa ndi pulasitiki, zimaduladulidwa n'kuumitsidwa mpaka chinyezi chitsike kufika pakati pa 10 ndi 20 peresenti. Kenako zimalowa m'ng'anjo yotentha kuposa madigiri 700, koma ya okosijeni wochepa kuti zisayake n'kutheratu. Mmenemo mumatuluka syngas, mpweya wa hydrogen ndi carbon monoxide.

Apa m'pamene pagona nkhani, abale. Mpweya umenewu umatuluka ndi phula lomwe limatseka mapaipi likazizira. Pulasitiki ya PVC imatulutsa kolorini, amene amasanduka asidi wodya zitsulo. Sulufa ndiye woopsa kwambiri, chifukwa amapha cobalt, chitsulo chothandizira kulumikiza mpweyawo kuti ukhale mafuta, ngakhale sulufayo akhale wosafika gawo limodzi pa magawo miliyoni. Ukayera, mpweyawo umasinthidwa kuti hydrogen akhale magawo awiri pa gawo limodzi la carbon monoxide, n'kulowa m'makina a Fischer-Tropsch, osandutsa mpweyawo mafuta, pa madigiri 200 mpaka 240. Chotuluka ndi sera ndi mafuta olemera, amene amaswedwanso ndi hydrogen kuti asaundane mpaka pa madigiri 47 pansi pa ziro, monga mafuta a ndege otchedwa Jet A-1 amafunira. Muyeso wa mafuta a ndege wa ASTM D7566 wa 2009 umalola kusakaniza mafutawa ndi a masiku onse osapitirira theka, popeza alibe ma aromatics, makemikolo otupitsa mphira zotsekera mafuta kuti asadonthe.

Mbali yomalizayi si yachilendo ku South Africa. Kampani ya Sasol imapanga mafuta kuchokera ku malasha ku Secunda ndi njira yomweyi, ndipo kuyambira 1999 ndege za pabwalo lomwe pano ndi OR Tambo zinayamba kumwa mafuta osakaniza ndi amenewa. Kungoti malasha a lero ndi a mawa amafanana, pomwe zinyalala zimasintha lole ndi lole. Fakitale ya Fulcrum BioEnergy kufupi ndi Reno ku Nevada inayesa ndi zinyalala za m'nyumba, koma makina ankawonongeka pafupipafupi, ndipo kampaniyo inagwa mu 2024.

Anzathu otola zinthu anatisonyeza vuto lina. Zouma zimene ng'anjo imakonda, makatoni ndi mabotolo a pulasitiki ya PET, ndi zomwe iwo amagulitsa, ndipo zambiri zimachotsedwa m'mabini lole isanafike. Zofika pamtaya zimakhala zosakanikirana ndi makombo a chakudya ndi matewera onyowa, ndipo kuziumitsa kumadya moto wambiri. Pulasitiki nayo inachokera ku mafuta a pansi, choncho ikachuluka m'ng'anjo phindu lochepetsa utsi wa kaboni limatsika.