Lero ndazungulira ndi emvulopu, setifiketi yeniyeni ya ukwati ikadali m'njira

Ndikulemba izi mapazi ali m'beseni la madzi ofunda chifukwa lero ndayenda abale. Emvulopu imene ndinanyamula m'mawa ili pambali panga pano, makona ake apindikapindika ndi thukuta la m'manja, koma mkati mwake muli mapepala amene m'mawa ndinalibe. Ndiye ndati ndilembe zisanandichoke m'mutu, mwina wina amene wangolowa m'banja kumene zimuthandiza.

Papita masabata atatu chichitire ukwati wathu. Tsiku lija titatha malonjezo tinakhala patebulo, abusa anatambasula fomu, ine kusayina, amuna anga kusayina, mboni zathu ziwiri kusayina, abusa n'kumalizitsa. Kenako anatipatsa setifiketi yokongola ija, yamaluwa m'mbalimbali, mayina athu olembedwa ndi zilembo zopotanapotana, anthu n'kumatijambula titaigwira. Ine mumtima ndinati basi za mapepala zatha, ndipo sabata isanathe inali kale mufulemu pakhoma.

Lero m'mawa ndinaichotsa mufulemumo. Kuntchito kwathu lamulo lake ndi lakuti ukalowa m'banja uli ndi masiku 30 oti umulembetse mnzakoyo pa inshuwalansi ya chipatala, ukadutsitsa masikuwo ndiye kuti udikire mpaka nthawi imene aliyense amalembetsa. Amuna anga amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndiye kwa ife nkhani imeneyi si yoti ndidzaona mawa, ndinawerenga pakalendala ndapeza kwatsala masiku 9 okha.

Mayi a ku ofesi yoona za antchito anailandira ndi manja awiri, kuiyamikira kukongola, kuitembenuza kumbuyo, kenako anati, "Mayi, iyitu ndi yachikumbutso. Ife timafuna yochokera ku ofesi yolembera maukwati, yokhala ndi chidindo chawo ndi nambala ya m'kaundula."

Mtima unandiwawa, sindinama. Zinamveka ngati akuti ukwati wanga sunachitike, chonsecho mphete ili pachala. Anaona nkhope yanga yasintha ndiye anandikokera mpando, nati, "Ukwati wanu palibe akuukana ayi, khalani pansi ndikufotokozereni." Zimene anafotokozazo ndikanakonda wina akanandiuza tisanapange ukwati. Fomu imene tinasayina ija siikhala ndi ife, amene wamangitsa ukwati amaitumiza ku ofesi ya boma, kumeneko amaiona ngati zonse zili bwino, n'kuilowetsa m'kaundula, ndipo ikalowa m'pamene munthu umatha kupempha kope yotsimikizika, yachidindo ija, imene banki, inshuwalansi, ofesi ya mapasipoti ndi akazembe amaikhulupirira. Ndiye pakati pa tsiku la ukwati ndi tsiku lotenga kopeyo pamakhala kampata, pena masiku ochepa pena masabata angapo kutengera malo ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo ife tili m'kampata kameneko. Okwatirana ndife okwatirana ndithu, pepala lokha ndi limene likubwera pambuyo.

Ndinawafunsa kuti nanga pakadali pano nditani poti masiku akutha. Anati iwo atha kulandira umboni wongoyembekezera, koma ukhale wogwirika: kalata yochokera kwa amene anamangitsa ukwati, lisiti ya ku ofesi yolembera maukwati yoonetsa kuti ndapempha kale setifiketi, komanso chikalata cholumbira kwa loya. Ndinawapempha kuti zimenezi andilembere pa imelo, osati chifukwa chowakayikira, koma mawa atha kukhala pa holide, pampandopo n'kukhala wina wosadziwa zimene tagwirizana. Analemba ine ndili pompo, foni inalira m'chikwama ndisanatuluke n'komwe.

Ku ofesi yolembera maukwati ndinapeza layini, anthu ambiri ndithu, aliyense ndi emvulopu yake. Itafika nthawi yanga bambo a pawindo anafufuza pakompyuta osapeza dzina, ine thukuta kamukamu kuganiza kuti mwina fomu inatayika m'njira. Analowa mkati, patapita kanthawi anatuluka nayo m'manja, anati inafika koma ili pamulu wa zimene sanalowetse. Apa ndi pamene ndikuthokoza Mulungu kuti ndinapita ndekha osangoimba foni. Anaiika pakauntala kuti nditsimikize ngati ndi yathu, maso anga n'kugwera pa dzina la bambo la amuna anga, chilembo chimodzi chasowa. Chimodzi chokha, pakati penipeni. Tsiku la ukwati tonse tinasayina pansi pa dzina lolakwikalo osaona kanthu, manja akunjenjemera, anthu akuimba, ndani akanawerenga chilembo ndi chilembo?

Ndinawaonetsa chithunzi cha chiphaso cha amuna anga pafoni, anayerekeza, anagwedeza mutu. Anati ndachita mwayi kuti sizinalowe m'kaundula, chifukwa zikalowa kukonza kwake kumafuna pempho lapadera ndi maumboni ena ndi kudikiranso, ndipo setifiketi imene dzina lake likusiyana ndi la pachiphaso kapena papasipoti ofesi zambiri zimangoibweza. Koma anati sangakonze ndi chithunzi cha pafoni, mwini dzina abwere ndi chiphaso chenicheni, komanso abusa alembe kuti kunali kulakwitsa polemba.

Ndinaimba pompo. "Bambo, muli pati? Siyani kaye zimene mukuchitazo, tengani chiphaso chanu mubwere kuno, dzina lanu analilakwitsa pafomu." Iwo anangoti, "Ndikubwera mayi, musadandaule, khalani pamthunzi." Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi kuposa chilichonse lero.

Podikira ndinacheza ndi mayi wina pabenchi, iye amuna ake ali kunja ndipo akufuna kuwatsatira, ndiye nkhani yake ndi ya viza. Zake n'zolimba kuposa zanga chifukwa ku ofesi ya kazembe anamuuza kuti za kalata ya abusa sizigwira, akufuna setifiketi yotsimikizika basi, ndipo ikatuluka akaidinditsenso chidindo china chotchedwa apostille. Chimenechi chinachokera pa pangano limene mayiko anasainirana mumzinda wa The Hague ku Netherlands mu 1961, loti chikalata cha boma la dziko lina chizilandiridwa m'dziko linanso la m'panganolo popanda kuzungulira nacho maofesi ambirimbiri. Chidindocho chimangotsimikiza kuti siginecha ndi chidindo cha ofesala amene anapereka chikalatacho n'zenizeni, ndiye sichingaikidwe pa setifiketi yamaluwa yapakhoma ija. Ndinamumvera chisoni mayiyo, iye alibe njira yachidule, n'kudikira basi, ndipo ankangoyang'ana foni kuwerenga masiku.

Amuna anga atafika anaonetsa chiphaso, bambo aja analemba kapepala n'kukamata pafomu kuti isalowetsedwe mpaka kalata ya abusa ifike. Kenako tinadzaza pempho la setifiketi n'kulipira. Ine ndinati tipemphe imodzi, koma bambo a pawindo anatilangiza kuti tipemphe zingapo nthawi imodzi poti ofesi zina zikalandira sizibweza msanga, zina sizibweza n'komwe, ndiye ukhala ndi imodzi yokha ntchito zina zonse zimaima. Tinapempha zitatu. Lisiti imene anatipatsa ndi kapepala kakang'ono kopyapyala, ka mtundu uja inki yake imafufutika kakakhalitsa m'chikwama, koma pali mayina athu, tsiku, chidindo ndi nambala yofufuzira. Ndinakajambula pafoni tisanachoke pawindo.

Kwa abusa sitinavutike. Anapepesa kwambiri za dzina lija, nati maso awo ndi amene anadumpha mzere pokopera. Analemba makalata awiri papepala lokhala ndi dzina ndi adiresi ya mpingo pamwamba. Yoyamba yopita ku ofesi yolembera maukwati yokonza dzina. Yachiwiri ndi imene ndikufuna ena aimve bwino chifukwa kalata yongoti "awa ndi ana athu, anakwatirana" siithandiza kanthu. Iyi analembamo mayina athu onse monga alili paziphaso, manambala a ziphaso, tsiku ndi malo a ukwati, mayina a mboni ziwiri zija, kuti iwo ndi ovomerezeka ndi boma kumangitsa maukwati, tsiku limene anatumiza fomu, ndi nambala yawo ya foni kuti wofuna kutsimikiza aimbe. Pansi siginecha ndi chidindo. Ulendo uno tinawerenga tonse atatu mokweza, chilembo ndi chilembo, chiphaso chili pambali.

Kalata yokonza dzina anathamanga nayo amuna anga, ine ndinatsogola kwa loya, iwo n'kundipeza komweko. Chikalata cholumbira sindinachipangepo chibadwire. Ndi pepala limene umalembapo zimene ukudziwa kuti n'zoona, ziganizo zokhala ndi manambala, kuti ine wakutiwakuti ndinakwatiwa ndi wakutiwakuti tsiku lakuti pamalo akuti, fomu ili ku ofesi yakuti, setifiketi ndapempha ndipo lisiti yake nayi. Ndinatenga cholembera kuti ndisayiniretu, sekilitale anandigwira dzanja, eti umasayina pamaso pa wolumbiritsayo, iye ataona chiphaso chako ndi nkhope yako. Loyayo anatifunsa aliyense payekha ngati tawerenga ndi kumvetsa, natikumbutsa kuti kunama m'chikalata chotere ndi mlandu. Pamene ndimalumbira mawu anandinjenjemera pang'ono, zinandikumbutsa tsiku la malonjezo lija.

Panali kanthu kena kamene ndinaphunzira pamenepo. Achemwali anga tsiku la ukwati anajambula fomu ija pafoni titangosayina, sindinawatume, anangoti "mwana iwe mapepala amasowa." Ndinasindikiza chithunzicho n'kupempha loya kuti achidinde kuti ndi kope yoona. Anakana mwaulemu. Anati iye amadinda fotokope pokhapokha pepala lenilenilo lili patebulo pake akuliona ndi maso, ndiye poti fomu yeniyeni ili ku ofesi ya boma sangatsimikize zimene sanaone. Poyamba ndinakhumudwa koma ndikaganiza bwino anachita zoyenera, chidindo chimene chimadindidwa pa chilichonse chingamuteteze ndani? Chimene anachita n'kuchimangirira kumbuyo kwa chikalata cholumbira ngati chinthu chimene ineyo ndikuchitira umboni, ndipo tinalembamonso za dzina lolakwika lija ndi kuti likukonzedwa, kuti wina asadzadabwe poona kusiyana. Fotokope ya lisiti ndi ya kalata ya abusa zokha anadinda poti zenizeni zake zinali pomwepo.

Ndinadutsiranso ku banki kufunsa zosintha dzina pa akaunti. Kumeneko yankho linali lalifupi, dikirani setifiketi, ndipo muyambe mwasintha chiphaso. Sindinalimbane nawo, ndalama za anthu n'zofunika kusamala, komanso akaunti ikugwira ntchito bwinobwino m'dzina langa lakale. Pasipoti nayonso ikhala momwemo, ndipo ngati tingayende ulendo setifiketi isanatuluke tikiti idzagulidwa m'dzina limene lili papasipoti, osati limene anthu ayamba kundiitana nalo. Ndaona lero kuti mapepala ongoyembekezerawa amagwira pamene wolandirayo wavomera yekha kukudikira, ndiye n'kofunika kufunsa ofesi iliyonse payokha usanawononge tsiku, zimene walola wakuntchito si zimene alole wa ku banki.

Ndinafika kuntchito atatsala pang'ono kutseka. Mayi aja anayala mapepala onse padesiki, kuwerenga limodzilimodzi, kuimbira abusa foni ine ndikumva, kenako anatulutsa fomu ya inshuwalansi. Pa mzere wa mwamuna kapena mkazi wanu ndinalemba dzina la amuna anga, zilembo zonse zokwanira. Anandisayinitsa kuti setifiketi ikangotuluka ndibweretsa kope, ndipo ndikapanda kutero pofika tsiku limene analemba dzinalo lichotsedwa. Ndinati ndamva mayi, zikomo kwambiri, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima chifukwa akanatha kungondibweza m'mawa muja osandiuza njira.

Madzulo apongozi anaimba kufunsa kuti zayenda bwanji. Nditawauza za chilembo chosowa anakhala chete kaye, kenako anati, "Mwana wanga, dzina limenelo ndi la malemu apongozi ako aamuna, wachita bwino kuliona." Misozi inalengeza, tsiku lonse ndimaliona ngati vuto la mapepala chabe.

Setifiketi yamaluwa ija amuna anga aibwezera mufulemu, ili pakhoma pamalo ake, ndipo tayang'anitsitsa, pamenepo dzina analemba bwino. Mapepala enawo ndawajambula onse ndadzitumizira pa imelo, ndatumiziranso achemwali pa WhatsApp poti iwo sataya zinthu. Nambala ya palisiti ndailemba kuseri kwa kalendala. Bambo a pawindo anati ndikafunse Lachisanu la sabata yamawa ngati dzina lalowa bwino m'kaundula, ndipo ndidzapita ndekha ndi chiphaso cha amuna anga m'manja. Madzi a m'beseni azizira, ndikagone.