Lipoti la ulendo wa amayi a dawa (gulu la amayi achisilamu) ku Limbe pokonzekera Idi

Assalamu alaykum amayi anzanga. Amene simunathe kupita nafe ku Limbe kukagula makatani ndi nsalu za m'nyumba za kaunjika, nayi nkhani ya m'mene ndalama zathu za banki m'khonde zinayendera, komanso chifukwa chake katundu wina wooneka bwino tinamusiya pamsika.

Tinanyamuka ku Mangochi titangodya daku (chakudya cha m'bandakucha tisanayambe kusala) ndi kuswali Fajiri, pa minibasi yahayala, kudzera ku Liwonde, Zomba ndi Namadzi. Ena anakumbutsa kuti wapaulendo amaloledwa kumasula swaumu (kusala kudya) n'kudzabweza pambuyo, koma palibe amene anafuna kukhala woyamba kutsegula botolo la madzi. Sabata yachiwiri ya Ramadhani tinaisankha dala. Masiku khumi otsiriza ndi a ibada (mapemphero), ndiponso nthawi imeneyo pakaunjika sipopondeka, aliyense akusakira ana zovala za Idi.

Mkangano unayambira m'galimoto momwemo. Amayi msungichuma ankafuna tigule belo lathunthu la makatani kwa ogulitsa mopikulitsa, tikagawane kunyumba. Amayi wapampando anakana: belo sakutsegulira usanalipire, ndipo ukalitsegula sulibweza. Mitengo nayonso siyolola kuchita juga. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 belo linkangokwera, mpaka mu February 2025 ogulitsa kaunjika anakachita zionetsero ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Tinagwirizana zosankha chimodzichimodzi ndi manja athu, ndipo kwa ine amenewa ndiwo anali maganizo abwino.

Tinafika mnyamata wina akudula zingwe za belo la nsalu za m'nyumba. Litangophulika kunatuluka kafungo kaja ka mankhwala, anthu n'kuliunjikira. "Amayi anga, sankhani, iyi ndi nambala wani, simuipezanso!" Zinalidi zokongola. Koma titayamba kutambasula ndi pamene tinaona kuti zambiri sizingalowe m'nyumba zathu. Nsalu ya patebulo yofiira bwino inali ndi mitengo ya Khirisimasi m'mphepete monse. Zovundikira mapilo zinali ndi nkhope za amphaka. Katani lina lolemera, lamtundu wagolide, titaliyang'anitsitsa tinapeza tiangelo tamapiko. Ambiri a ife timaswalira pabalaza pomwepo, ndiye nsalu ya zithunzi za zamoyo kutsogolo kwa mswala ayi ndithu. Tikanagula belo lotseka, zonsezi bwenzi zili zathu.

Pa makapeti mpamene tinachedwa. Amayi ena achikulire ananyowetsa chikhato n'kusisita kapeti yabuluu imene tonse tinaikonda, dzanja linatuluka ndi ubweya wa galu. Kumene zinthuzi zimachokera agalu amagona pabalaza. Kwa ife otsatira chiphunzitso cha Imamu Shafi'i, chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Nsalu ya pabedi ungachite nayo zimenezo kunyanja, nanga chikapeti chonsecho, kuno kukugwabe mvula? Wogulitsa anatsitsa mtengo kawiri konse, akuti "Mayi, ndingokupatsani", koma tinathokoza n'kupitirira. Tinatenga timakapeti tating'ono topepuka toti tingachapike.

Makatani ali ndi zawozake. Muzilikweza katani kudzuwa, chifukwa mbali imene inkayang'ana pawindo imakhala itafwifwa kapena kufumbwa ulusi, pamthunzi siioneka. Ambiri amabwera limodzilimodzi, mnzake anapita m'belo lina, kotero amene anali ndi mawindo awiri pabalaza anavutika kupeza ofanana. Ena ali ndi mphete zachitsulo zofuna ndodo, pamene kwathu timakoleka pawaya. Amene anabwera ndi chingwe choyezera mawindo awo anagula mosakayika. Enafe tinkangoyeza ndi mikono. Ubwino wake makatani akunjawa ndi aatali, limodzi telala akhoza kulidula pakati n'kutulutsa awiri a mawindo athu ang'onoang'ono.

Kunenerera kunayenda bwino chifukwa tinkalipira pamodzi. Munthu akaona kuti mukutenga mulu wonse, amafewa. Zuhuri ndi Asiri tinaswali mophatikiza pamzikiti wina ku Limbe komweko, n'kuuyamba wobwerera. Dzuwa linatilowera tisanafike ku Liwonde, ndipo futari yathu, chakudya chomasulira swaumu, inali tende, madzi ndi zitumbuwa zogula m'mbali mwa msewu.

Katundu yense ali kwa amayi wapampando, aliyense dzina lake lalembedwa pa jumbo. Bwerani mudzatenge Lachisanu ikatha Juma, muchapiretu kusanadze mitambo ina. Ofuna kudulitsa makatani apereke msanga kwa telala, chifukwa sabata yotsiriza amakhala atadzaza ndi madilesi a Idi ndipo salandiranso ntchito. Ndalama yotsala pa hayala amayi msungichuma adzaiwerenga pamaso pa tonse tsiku lomwelo, ndipo tinapangana kuti ipite ku futari ya kumzikiti.