Kukonza Liwu la Wailesi Yanga Yakale ndi Dzanja Langa pa Morse

Mwezi wonse wa Novembala ndinauthera pa tebulo la m'chipinda changa cha wailesi, ndipo chimene chinandikhazika pamenepo ndi chilembo chimodzi chokha. Mnzanga wina wa ku South Africa, amene ndimacheza naye m'mawa pa mafunde a 7 MHz kudzera pa Morse, njira yotumizirana zilembo pa wailesi ndi kulira kwakufupi (madontho) ndi kwakutali (mizere), anandipatsa lipoti lakuti 579C. Manambala atatuwo amanena za kumveka kwa uthenga, mphamvu ya siginolo ndi kuyera kwa liwu, koma C wa kumapetoyo amatanthauza kuti liwu limapendekeka ndikangogogoda kiyi (kachipangizo kotumizira Morse), n'kumamveka ngati kulira kwa mwanapiye. Munthu amene anayamba Morse ali mnyamata, tsopano imvi zili mbuu, nkhani yotere imamusowetsa tulo, chifukwa anzake a kutali sadziwa nkhope yake, amamudziwa ndi liwu la wailesi yake basi.

Wailesiyi ndi Kenwood TS-520, yopangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Mbali yaikulu ndi ya matransisita, koma chigawo chotumiza mphamvu chili ndi mavalavu atatu, imodzi ya 12BY7A ndi awiri a mtundu wa 6146, ndipo zonse zikakhala bwino imatulutsa pafupifupi mawati 100. Nditaitsegula ndinapeza kuti makapasita akuluakulu (zipangizo zosunga magetsi) a m'chigawo cha magetsi anali atauma chifukwa cha ukalamba, moti ndikagogoda kiyi mphamvu inkagwa pang'ono ndipo liwu linkagwa nayo limodzi. Pano ndiyenera kuchenjeza aliyense wofuna kugwira wailesi ya mavalavu: m'kati mwake muli mavoti pafupifupi 800, ndipo makapasita amatha kusunga magetsiwo ngakhale mutazula pulagi. Ine sindilowetsamo chala ndisanawakhuthule ndi resisita ndi kutsimikiza pa mita kuti atheratu. Makapasita atsopano anandibweretsera mphwanga kuchokera ku Johannesburg, ndipo kuwawotcherera kunanditengera masana awiri chifukwa maso sakuonanso tizinthu tating'ono monga kale.

Nditamaliza ndinailumikiza ku katundu woyesera wa maomu 50 (chipangizo cholowa m'malo mwa eriyo poyesa wailesi), ndinadikira kuti mavalavu atenthe, kenaka ndinapotoza batani la PLATE mpaka singano ya mita itatsika, n'kukweza la LOAD pang'onopang'ono monga ndakhala ndikuchitira zaka zonsezi. Tsiku lotsatira mnzanga uja anandipatsa 589 wopanda C, ndipo ndinalemba lipotilo m'buku langa ndi cholembera chofiira.

Koma ntchito yeniyeni inali isanathe. Pofuna kutsimikiza kuti liwu layera, ndinajambula kutumiza kwanga pa foni n'kumvetsera, ndipo ndinamva vuto lina limene silinali la wailesi ayi, linali la dzanja langa. Lamulo la Morse ndi lomveka bwino: mzere umatalika ngati madontho atatu, mpata wa pakati pa zilembo ndi madontho atatu, ndipo wa pakati pa mawu ndi madontho asanu ndi awiri. Ine ndinali nditayamba kufupikitsa mizere ndi kupanikiza zilembo, moti N awiri otsatizana nthawi zina ankamveka ngati C mmodzi, ndipo anzanga, mwa ulemu wawo, sanandiuze. Ndimagwiritsa ntchito kiyi ya dzanja, yopanda makina ondiwerengera nthawi, choncho cholakwa chilichonse chimachokera pa mkono. Ndatsika kuchoka pa mawu 20 pa mphindi kufika pa 15, ndipo m'mawa uliwonse ndimatumiza liwu lakuti PARIS mobwerezabwereza kwa mphindi khumi wailesi isanapite pa mphepo. Liwuli ndilo muyeso wa liwiro la Morse chifukwa, pamodzi ndi mipata yake, limakwana madontho 50 ndendende. Ndaphunziranso kugogoda kuchokera pa mfundo ya dzanja m'malo moumitsa zala, ndipo patatha milungu itatu zojambula zanga zayamba kumveka monga ndinkatumizira kale.

Masana pa 21 MHz njira ya ku Ulaya yakhala yotseguka, popeza dzuwa linafika pachimake pa nyengo yake ya nambala 25 (mphamvu ya dzuwa imakwera ndi kutsika m'nyengo za zaka pafupifupi 11) cha m'chaka cha 2024 ndipo mafunde a pamwamba akadali amoyo. Dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q, lomwe ndi la Malawi kuchokera pamene tinasiya ZD6 wa nthawi ya Nyasaland, limasowa kwambiri pa mphepo, motero ndikangoitana CQ, kuitana aliyense womvera, anthu amandiunjikira ngati njuchi, aliyense akufuna lipoti la 599 ndi 73 (mawu otsanzikirana) kuti athamange. Ndimawayankha mokondwa chifukwa ndikudziwa kuti ena adikira zaka kuti alembe Malawi m'buku lawo, komabe chimene mtima wanga umafuna ndi macheza aatali. Sabata yatha mkulu wina wa ku Germany anatumiza QRS, kupempha kuti ndichepetse liwiro, ndipo tinacheza mphindi makumi atatu za eriyo, za chisanu cha kwawo ndi za mango akupsa kwathu kuno. Chiyambire 2003, pamene bungwe la ITU, loona za mafunde a wailesi pa dziko lonse, linasiya kukakamiza mayeso a Morse, ndiponso FT8, njira yolumikizirana pa wailesi kudzera pa kompyuta, itabwera mu 2017, ambiri asamukira ku kompyuta. Sindiwanyoza ayi, koma kompyuta siingandiuze kuti mnzanga watopa kapena wasangalala, pamene dzanja lake pa kiyi limandiuza zimenezo asanamalize chiganizo choyamba.

Mvula yayamba tsopano, ndipo madzulo 7 MHz yadzaza ndi phokoso la mphezi, choncho ndikangomva bingu ndimachotsa waya wa eriyo n'kuuponya kunja kwa zenera. Eriyo yanga ya 14 MHz, ya mamita asanu mbali iliyonse, yayamba kukhudza nthambi ya mtengo wa mango ikanyowa, ndipo SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, imakwera. Nthambiyo ndiidulitsa Loweruka. Ndikufunafunanso fyuluta yopapatiza ya Morse (CW) ya 500 Hz yokwana mu TS-520, chifukwa khamu likandiunjikira makutu anga sakuthanso kulekanitsa masiginolo atatu oyandikana pa fyuluta yotakata imene ilimo.