Ku Reykholt, kumene ndinamva nthano ya Iðunn

Tinanyamuka ku Reykjavík m'mamawa kulowera chakumpoto, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Reykholt, kamudzi ka ku Iceland komwe kunkakhala Snorri Sturluson, wolemba mabuku komanso mtsogoleri wotchuka wa m'dzikolo, mpaka pamene adani ake anamupha m'chaka cha 1241. M'njira monsemo maso anga ankafunafuna mitengo, koma ankangoona miyala yakuda, udzu waufupi ndi nthunzi yofuka kuchokera pansi.

Chimene chinandifikitsa kumeneko ndi nthano imene Snorri analemba m'buku la Edda cha m'ma 1220, yonena za Iðunn, mulungu wamkazi yemwe anali mkazi wa Bragi, mulungu wa ndakatulo. Iðunn ankasunga maapozi m'bokosi lake, ndipo milungu ikayamba kukalamba inkadya zipatsozo n'kubwerera ku unyamata. Tsiku lina Loki, kathyali wa pakati pa milunguyo, anamunamiza kuti waona maapozi okoma kwambiri m'nkhalango ndipo ayenera kutenga ake kuti akafananize. Atangotuluka mu Ásgarðr, kwawo kwa milungu, chimphona Þjazi chinafika chitasanduka chiwombankhanga n'kumunyamula. Posakhalitsa imvi zinamera m'mitu ya milungu, ndipo inaopseza Loki kuti imupha akapanda kumubweza. Loki anabwereka chovala cha nthenga za kabawi kwa mulungu wamkazi Freyja, n'kukasandutsa Iðunn kukhala mtedza, n'kuuluka naye m'zikhadabo, pamene Þjazi, amene ankawalondola, anapsa nthenga pa moto umene milungu inasonkha ndipo anaphedwa pomwepo.

Ndinakhala nthawi yaitali m'mbali mwa Snorralaug, kadziwe kozungulira komangidwa ndi miyala, kamene madzi ake otentha amachokera ku kasupe wotchedwa Skrifla. Ndili pamenepo ndinazindikira chifukwa chimene anthu a dziko lozizira chonchi, kumene mtengo wa zipatso suoneka wamba, anasungira mosamala nthano yoika moyo wa milungu m'chipatso. Chinandikhudza kwambiri n'chakuti Iðunn sanyamula nyundo ngati mulungu Þórr kapena mkondo ngati mulungu Óðinn, ndipo m'nkhani ya Snorri simumveka ngakhale mawu ake, komabe atangosowa, amphamvu onsewo anayamba kutha ngati makatani.

Tisanabwerere ndinadutsa pa chiboliboli cha Snorri chimene anasema Gustav Vigeland, mphatso yochokera ku Norway ya m'chaka cha 1947, kenako ndinatulutsa m'chikwama maapozi awiri amene ndinagula ku Reykjavík, n'kugawana ndi mnzanga mphepo ikutiomba kumaso.