Lachitatu mayi analira chigamulo chisanaperekedwe

Ntchito yanga ndi yomasulira m'khoti la majisitireti, bwana alankhule Chizungu ine ndimuuze munthu m'Chichewa, munthu ayankhe ndibwezenso kwa bwana, tsiku lonse chiimire. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu azengedwe m'chilankhulo chomwe akumva, apo ayi boma limupezere womasulira. Womasulirayo ndiye ine.

Lolemba unali mlandu wa mbuzi. Wapolisi woimira boma anati mnyamatayo anagwidwa "red-handed". Ukawatsata mawuwa mmene aliri ndiye kuti manja anali ofiira, ndipo kale ku Scotland ankanenadi za munthu wopezeka ndi magazi m'manja atapha. Koma mbuzi yathuyi inali yamoyo, ikulira panja pomwepo itamangidwa pamtengo ngati umboni. Ndinangoti anakupezerera chingwe chili m'manja, basi.

Lachiwiri loya anatchula wa mbali inayo kuti "my learned friend", ndiye bambo oimbidwa mlandu, amene kachizungu amakamvako pang'ono, anandinong'oneza kuti achimwene, kani anthuwa ndi pachinzawo? ndagulitsidwa ine. Ndinachita kupempha kaye bwana kuti ndiwafotokozere kuti ndi ulemu chabe wa maloya, ngakhale odana amatchulana choncho.

Koma Lachitatu ndiye eeh. Boma litamaliza kubweretsa mboni zake, khoti limayamba laona ngati umboniwo ukukwanira kuti munthu adziteteze, zili mu gawo 254 la lamulo la kazengedwe ka milandu. Bwana anati mnyamata ali ndi "case to answer", ine ndinamasulira mmene timamvera pa wailesi, kuti khoti lakupeza ndi mlandu woti uyankhe. Mayi ake kumbuyo anangomva zoti lakupeza ndi mlandu, zinazo sanadikirenso, anagwa pansi nkuyamba kulira ngati pamaliro, azakhali nawo kuthandizira, mpaka khoti linaima kaye. Chonsecho mwanayo sanapezeke wolakwa ayi, angomuuza kuti tsopano ndi nthawi yako, ukhoza kulankhula, kuitana mboni zako kapena kukhala chete. Kuti amumange boma likuyenerabe kupereka umboni wa "beyond reasonable doubt", umene ine ndimati umboni wosasiya chikayiko chomveka, osati wongoti mwina ndi yemweyu. Kunena zoona analakwa ndi ine, mawu a pa wailesi aja amaika mlandu patsogolo ndiye khutu la kholo limaima pomwepo. Titabwerera ndinati mayi, khoti likufuna limve mbali ya mwana wanu, silinagamule. Anapukuta misozi ndi chitenje nkukhala pansi.

Lachinayi mboni sinabwere, akuti inasowa thiransipoti, mlandu anauimitsa.

Lachisanu kunali madala ena omenyana pa nkhani ya malire a munda. Bwana anati miyezi 12 "with hard labour", imeneyi siivuta, ndi ntchito yakalavulagaga, aliyense amaidziwa. Kenako anawonjezera kuti "suspended" kwa miyezi 24. Apa ndinapita pang'onopang'ono poti za Lachitatu zinali zikadali m'mutu, ndinati madala, kundende simupita lero, koma chilangochi chakusungirani, mukapalamulanso pa zaka 2 zimenezi mukaseweza miyezi 12 ija kuphatikizapo ya mlandu watsopanowo. Anandiyang'ana nthawi yayitali kenako nkufunsa kuti ndiye mundawo ndi wa ndani? Bwana anati umenewo ndi mlandu wina.