Sabata ya kukhitchini ya sukulu ku Joni

Lolemba ndi tsiku la sikelo. Galimoto ya katundu ikafika, thumba lililonse la ufa, mpunga, samp (chimanga chokonola chosweka) ndi nyemba limayezedwa tisanasaine, chifukwa mukasaina kaye n'kudzaona Lachitatu kuti katundu waperewera, palibe adzakumvereni. Zitini za nsomba timaziona chimodzichimodzi: chotupa, cha dzimbiri kapena chophwanyika pamsoko chimabwerera. Matumba amakhala pamapaleti, osagunda khoma, ndipo akale amabwera kutsogolo kuti ayambe kutha.

Sukulu yathu ndi yosalipiritsa fizi, ndiye chakudya chimabwera kudzera mu National School Nutrition Programme, pulogalamu ya boma yodyetsa ana m'sukulu, imene inayamba mu 1994 ndipo lero imadyetsa ana oposa 9 miliyoni mu South Africa. Mbale iliyonse iyenera kukhala ndi chokhutitsa, chomanga thupi, ndi masamba kapena chipatso. Wophika mmodzi amawerengeredwa ana 200, ndipo ana ayenera kudya 10 koloko isanakwane. Ola limenelo ndi limene limalamulira ntchito yonse.

Lachiwiri, tsiku la samp ndi nyemba, ndi pomwe ophika ongofika kumene kuchokera kumudzi amadabwa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, osafika 100. Mphika umabwata ndithu, koma nyemba zimachedwa kupsa kuposa ku Mangochi kapena ku Nsanje. Timaviika Lolemba masana, makapu atatu a madzi pa kapu imodzi ya nyemba, samp padera. M'mawa madziwo timataya, moto umayaka 6 koloko, chivundikiro osatsegulatsegula. Tomato amalowa nyemba zikafewa. Mukafulumira naye, kuwawasa kwake kumaumitsa khungu la nyemba ndipo gasi amangopita pachabe. Silinda ya makilogalamu 48 ikhale ndi inzake yodzaza pambali, poti ikathera pakati pa nyemba, ana adya masana.

Lachitatu mpopi unauma, monga zimachitikira kawirikawiri mumzinda muno. Mgolo wovundikira umakhala wodzaza nthawi zonse, ndipo madzi oyamba kupatula ndi osamba m'manja: kuthira ndi jagi, ndi sopo, osati ana onse kuviika m'beseni limodzi. Matebulo ndi mathabwa odulirapo timapukuta ndi supuni imodzi ya Jik m'malita asanu a madzi.

Lachinayi tinayendera makalasi kuona zimene ana amatenga kunyumba, ndipo apa mpamene mtima umapweteka. Chikwama chimachoka pakhomo 6 koloko, n'kukhala m'kalasi yotentha maola anayi kapena asanu. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo chakudya chophika chosachedwa kuonongeka, monga nyama ndi mpunga, sichiyenera kukhala pamenepo kupitirira maola awiri. Mpunga ndi nkhuku zotsala usiku, zoikidwa m'kontena zili zofunda, zingathe kudwalitsa ana. Polony nayenso sitimukhulupirira: mliri wa listeriosis (matenda otengera m'chakudya) wa 2017 ndi 2018, umene unapha anthu oposa 200, unachokera kwa iyeyu. Ngati mwaika nyama, yogati kapena tchizi, ziziziritseni usiku mufiriji, ndipo m'mawa muike pambali pake botolo la madzi oundana. Pofika pa buleki madziwo amakhala atasungunuka, mwana amamwa.

Makolo ambiri amadzuka usiku kuthamangira takisi, ndiye amangopatsa mwana R10 kuti akagule kota (chigawo cha buledi chodzazidwa machipisi ndi zina), machipisi kapena maswiti pageti. Ndimawamvetsa, koma sindingawalimbikitse. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi, ku Soweto, atadya zogula pashopu anamwalira ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagulitsa m'misewu ngati ophera makoswe. Mankhwala amenewo ali m'zipinda zathu zambiri za lendi, pansi pa shelefu yomweyo ya ufa ndi buledi. Achotseni.

Mayi wina, Mmalawi mnzathu, anandiimitsa pageti. "Achemwali, ndimamuikira nsima ndi usipa, koma amabwera nazo osakhudza. Nditani?" Titatsegula kontena tinapeza mitanda iwiri yolimba, msuzi utalowerera, ndi lalanje losasenda. Mwana wa Grade 2 ali ndi mphindi zochepa za buleki ndi zala zazing'ono, komanso anzake amamuseka fungo la nsomba. Ndinati, "Mayi, usipa ndi wabwino, koma azidya madzulo kunyumba. Kuno muikireni zogwira ndi dzanja limodzi."

Zimene zimapirira m'chikwama popanda firiji timazidziwa kale: mbatata yophika ndi makoko ake, chimanga chophika chodula pakati, chigumu cha nthochi chochepa shuga, buledi wa bulauni wopaka chiponde. Za chiponde funsani kaye aphunzitsi, chifukwa sukulu zina zimaletsa mtedza poteteza ana amene umawatupitsa. Kwa mwana wamng'ono masilayisi awiri, chipatso chimodzi chodula kale, timizere ta karoti ndi theka la lita ya madzi zakwana. Ufa wa m'sitolo ndi wa buledi kuno amauthira ayironi, zinki ndi mavitamini mwalamulo kuyambira 2003, ndipo lalanje limathandiza ayironiyo kulowa m'thupi, pamene tiyi wamasamba amamutchinga.

Lachisanu timayang'ana m'ndowa ya zotsala tisanataye, chifukwa imatiuza zimene ana akana. Sabata ino munadzaza soya. Ophika ankaithira m'madzi owira mwachindunji, n'kutuluka phala lopanda kukoma. Tagwirizana kuti aziiviika kwa mphindi khumi, kuifinya, kukazinga anyezi kaye mpaka afiire, kenako soya, tomato pomaliza. Kabichi nayenso asamapse mpaka kusanduka bii. Mphindi zochepa pamoto waukulu basi. Kenako kukwecha miphika, kulemba m'kaundula ana amene adya tsiku lililonse, kuwerenga matumba otsala, kutchera misampha ya makoswe kutali ndi chakudya, ndi kutseka gasi pa silinda penipeni, osati pa mbaula pokha.