Kwawo kwa Richard Burton, tsiku la mvula

Loweruka lapitalo ndinali wopuma nditagwira ntchito ya usiku sabata yathunthu, koma m'malo mogona ndinakwera sitima ku Cardiff kupita ku Port Talbot, m'dziko la Wales, ulendo wa theka la ola ndi mphindi zochepa. Chimene chinandinyamula pabedi ndi mawu a munthu. Ndili mwana, amalume anali ndi kaseti ya The Wild Geese, filimu ya 1978 ya asilikali aganyu, ndipo ankaiika mobwerezabwereza mpaka chithunzi chinayamba kunjenjemera. Chingerezi chake sindinkamva, koma Richard Burton, amene ankasewera ngati mkulu wa asilikaliwo, akayankhula, mawu ake ankandigunda m'chifuwa ngati ng'oma yaikulu.

Port Talbot si tauni yokongola, tisanamizane. Chimene chimakulonjera ndi fakitale yachitsulo yotambalala m'mbali mwa nyanja, ndipo ng'anjo zake zazikulu zinazimitsidwa mu 2024. Komabe katauni kameneka kanatulutsanso katswiri wina wa mafilimu, Anthony Hopkins.

Ndinakwera basi yolowera m'chigwa cha mtsinje wa Afan. Nditatchula kumene ndikupita, dalaivala anamwetulira n'kunditchulira pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 1: Pontrhydyfen. "F" wakeyo amamveka ngati "v". Ndinayesa katatu, ndinalephera katatu, iye n'kungondipatsa tikiti. Pamsewu analemba ARAF pamodzi ndi SLOW, chifukwa kuno chinenero cha makolo awo, Chiwelishi, chimayamba, Chingerezi chimabwera pambuyo.

Mudziwo ndi waung'ono, wopanikizika pakati pa mapiri. Pamwamba pake padutsa mlatho wautali wamiyala umene unamangidwa cha m'ma 1820 kuti uzinyamula madzi opita kosungunulira chitsulo. Masiku ano pamadutsa anthu apansi ndi apanjinga. Ndinaima pamenepo mvula ikundiwaza kumaso, n'kumayang'ana madenga akuda m'munsimo. Imodzi mwa nyumba zimenezo ndi mmene Richard Jenkins, amene anadzakhala Richard Burton, anabadwira pa 10 November 1925, mwana wa nambala 12 mwa ana 13 a munthu wokumba malasha.

Mbali ya mbiri yake imene inandikhudza kwambiri si ya Hollywood ayi. Amayi ake anamwalira mu 1927, patangopita masiku ochepa atabereka mwana womaliza, Richard asanakwanitse bwino zaka 2. Mchemwali wake wamkulu, amene anali atakwatiwa kale, anamutenga kukamulera ku Taibach, kufupi ndi fakitale ija. Ndani mwa ife sadziwa nkhani yotere? Ineyo ndinakulira m'nyumba ya azakhali, ndipo ndimadziwa mmene mwana wolera amadyera nsima maso ali kwa mwini nyumba. Richard anasiya sukulu kwa kanthawi n'kukagwira ntchito m'sitolo ya zovala za amuna, ntchito imene ankadana nayo. Atabwerera kusukulu, mphunzitsi Philip Burton anaona luso mwa iye, anamutenga kunyumba kwake, ndipo mu 1943 anakhala womuyang'anira mwalamulo. Dzina loti Burton linachokera pamenepo. Mphunzitsiyo ankapita naye pamwamba pa mapiri kuti akafuule mizere ya masewero mpaka mawu akhwime, komanso kumuwongola Chingerezi, pakuti mnyamatayo anayamwa Chiwelishi. Mawu aja amene ankatuluka m'kaseti ya amalume anasulidwa pamapiri onyowa amenewa.

Zotsatira zake n'zodziwika. Anatchuka pa siteji ku London ndi masewero a Shakespeare, kenako anaoloka nyanja kupita ku America. Akujambula filimu ya Cleopatra, imene inatuluka mu 1963, anagwa m'chikondi ndi wosewera mnzake Elizabeth Taylor, onse ali pabanja. Anakwatirana mu 1964, anasudzulana mu 1974, n'kukwatirananso mu 1975 ku Botswana, kufupi ndi mtsinje wa Chobe. Ukwati wachiwiriwo sunathe n'chaka chomwe. Anasankhidwa kasanu n'kawiri kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar, koma sanaigwire m'manja ngakhale kamodzi. Mowa nawo unamudya kwambiri, monga unadyera bambo ake.

Mvula itakula ndinathawira mu Miners Arms, bala ya pamudzipo imene bambo akewo ankamwerako. Ndinaitanitsa tiyi, jekete ikudontha pansi. Agogo ena amene anakhala pafupi ndi zenera, galu atagona pamapazi awo, anandifunsa kumene ndachokera. Nditati Malawi anagwedeza mutu, kenako anafunsa ngati ndabwera chifukwa cha "Rich". Sanati Burton. Anamutchula ngati mwana wa pakhomo loyandikana nalo amene anapita kutali kukagwira ntchito n'kuchedwa kubwerako.

Ndipo sanabwereko. Anamwalira pa 5 August 1984 ku Switzerland ali ndi zaka 58, ndipo manda ake ali kumeneko, m'mudzi wa Céligny. Zimenezi zinandiwawa pang'ono, mwina chifukwa ife akunja kuno timasonkherana mwezi ndi mwezi kuti tsiku likadzafika maliro adzapite kumudzi. Iye ndalama zobwerera anali nazo zochuluka.

Basi yobwerera inachedwa. Ndinaidikira pansi pa kadenga, masokosi atanyowa, ndikuyesabe kutchula dzina la mudziwo chapansipansi.